Amphaka asanu omwe anasautsa boma la South Africa kwa zaka 42

Mphaka ndi chiweto chomwe mabanja ambiri amachidalira poteteza chakudya ku makoswe, koma zomwe zinachitika pa chilumba cha Marion m'dziko la South Africa zikusonyeza kuti chiwetochi chikalekereredwa chikhoza kuononga zachilengedwe kwambiri ndi kudyera boma ndalama zochuluka.

Chilumba cha Marion, chomwe kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 290, chili m'nyanja yamchere ya Indian pa mtunda wa makilomita pafupifupi 2,000 kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda wa Cape Town. Dziko la South Africa linatenga chilumbachi kumapeto kwa chaka cha 1947 ndipo linakhazikitsapo malo oyezera zanyengo.

Ogwira ntchito pamalowa ankavutika ndi makoswe ang'onoang'ono omwe anafika pachilumbachi ndi zombo za alenje a nyama za m'nyanja m'zaka za m'ma 1800. Pofuna kuthana ndi vutoli, m'chaka cha 1949 anabweretsa amphaka asanu. Amphakawa anaswana, ana awo nalowerera m'tchire, ndipo pofika m'chaka cha 1977 chiwerengero chawo chinali chitakwana pafupifupi 3,400.

Chomwe chinadabwitsa akuluakulu n'chakuti amphakawa sanalimbane kwenikweni ndi makoswe monga momwe anthu ankayembekezera. M'malo mwake anatembenukira ku mbalame za m'nyanja zotchedwa petrel, zomwe zimaswera m'mauna pansi. Mbalamezi zinakhala pachilumbachi kwa zaka zikwizikwi popanda chilombo chilichonse choyenda pamtunda, choncho sizidziwa kuthawa kapena kudziteteza. Kwa mphaka, kugwira mbalame yotere n'kosavuta ndipo nyama yake ndi yambiri poyerekeza ndi ya khoswe.

Vutoli linakula kaamba kakuti mbalamezi zimaikira dzira limodzi lokha pa nyengo yoswa ndipo zimatenga zaka zingapo zisanayambe kuswa, pomwe mphaka wamkazi amabereka ana angapo nthawi imodzi. Kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1970 anapeza kuti amphakawa ankapha mbalame pafupifupi 455,000 chaka chilichonse.

Boma linayamba ntchito yothetsa amphakawa m'chaka cha 1977 pomwe akatswiri anatulutsa pachilumbachi amphaka omwe anawapatsira dala nthenda yotchedwa feline panleukopenia, yomwe sigwira mbalame kapena anthu. Pofika m'chaka cha 1982 amphaka anali atatsala pafupifupi 600, koma omwe anapulumuka anapirira nthendayo ndipo akanatha kuchulukanso.

Kuyambira m'chaka cha 1986 boma linatumiza magulu a alenje omwe ankasaka amphakawa usiku ndi mfuti komanso nyali zowala kwambiri. Kenaka anaonjezera misampha ndi nyambo zapoizoni. Ntchitoyi, yomwe mmodzi mwa atsogoleri ake anali Pulofesa Marthán Bester wa pa yunivesite ya Pretoria, inatha m'chaka cha 1991 pomwe amphaka omaliza anagwidwa. Panthawiyo, Marion chinali chilumba chachikulu kuposa zilumba zonse zomwe anthu anakwanitsa kuchotsapo amphaka.

Komabe nkhaniyi sinathere pomwepo. Makoswe, omwe anali gwero la vutoli, anatsala. Kusintha kwa nyengo kwachititsa kuti chilumbachi chizitentherako komanso kuuma, zomwe zathandiza makoswe kuchulukana. Atachepetsa tizilombo tomwe ankadya, makoswewa anayamba kudya mbalame. M'chaka cha 2003 akatswiri anapeza koyamba anapiye a mbalame zikuluzikulu zotchedwa wandering albatross ali ndi mabala olumidwa ndi makoswe. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mbalame za mtunduwu padziko lonse limaswera pachilumbachi.

Pachifukwachi, nthambi ya boma yoona za nkhalango, usodzi ndi zachilengedwe m'dzikolo mogwirizana ndi bungwe la BirdLife South Africa inakhazikitsa ntchito yotchedwa Mouse-Free Marion, yomwe cholinga chake ndi kumwaza nyambo zapoizoni pachilumba chonse pogwiritsa ntchito ndege za helikoputala.

Zofanana ndi zimenezi zinachitikanso pa chilumba cha Macquarie m'dziko la Australia. Amphaka atathetsedwa m'chaka cha 2000, akalulu anachuluka n'kuononga zomera, mpaka boma linayambitsa ntchito ina yothetsa akalulu ndi makoswe pamodzi, yomwe inalengezedwa kuti yatheka m'chaka cha 2014.

Kafukufuku yemwe anasindikizidwa m'chaka cha 2016 anasonyeza kuti amphaka anathandizira kutheratu kwa mitundu 63 ya mbalame, nyama zoyamwitsa komanso zokwawa padziko lonse, makamaka pazilumba. Kafukufuku wina wa m'chaka cha 2013 anapeza kuti m'dziko la United States amphaka amapha mbalame zosachepera 1.3 biliyoni pachaka, ndipo zambiri mwa izo zimaphedwa ndi amphaka opanda mwini. Ngakhale mphaka wodyetsedwa bwino amasakabe, chifukwa kusaka ndi chibadwa chake. Kuno ku Africa kuli nkhawa inanso yakuti amphaka oweta amakwerana ndi avumbwe pafupi ndi nkhalango zotetezedwa, zomwe zimasokoneza mtundu wa nyama yakutchireyi.

Kwa okonza ndondomeko za boma, nkhani ya Marion ikuphunzitsa kuti m'pofunika kufufuza mokwanira chamoyo chilichonse chisanalowetsedwe kumalo achilendo, komanso kuti ntchito yochotsa chilombo chimodzi iyenera kuganiziranso zina zomwe zidzatsale. Ganizo lobweretsa amphaka asanu linali losavuta ndi lotsika mtengo, koma ntchito yowachotsa inatenga zaka 14, ndipo makoswe omwe ankafuna kuthana nawo adakalipo.