Kamzere koyera pa zithunzi za ku Chiuta

Kale munthu wa ku Chiuta akafuna chithunzi ankaima kutsogolo kwa nsalu imene wojambula wapachika pa khoma, ndipo zakumbuyo zinkakhala zomwezo mpaka chithunzicho chitafwifwa. Masiku ano, kuno ku Mecanhelas ngakhalenso kutsidya ku Nayuchi, mnyamata wa foni atha kuchotsa mpanda wa bango kumbuyo kwa munthu n'kuikapo nyumba yamalata kapena maluwa.

Vuto limaoneka chithunzi chikasindikizidwa: kamzere kowala kamazungulira mutu ndi mapewa. Pa chithunzi cha ukwati anthu amangoseka. Koma chikakhala cha malemu, chimodzi chokhacho chimene banja lili nacho, abale amachikana ponena kuti gogo akuoneka ngati mzukwa, pamene ndalama ya nsomba yapita kale.

Kamzereka si ufiti ayi. Chithunzi chimapangidwa ndi timadontho tambirimbiri, ndipo kadontho kamene kagwera m'mphepete mwa khutu kamatenga mtundu wa khutu theka, wa thambo theka. Podula munthu pa chithunzi, kompyuta imapanga chophimba chotchedwa alpha mask, chimene chimapatsa kadontho kalikonse nambala: 255 ndi munthu, 0 ndi zakumbuyo zotayidwa, ndipo za pakati ndi m'mphepete. Nzeru imeneyi anaiyamba Ed Catmull ndi Alvy Ray Smith ku New York m'zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1984 Thomas Porter ndi Tom Duff analemba masamu ake osanjikizira zithunzi. Komabe chophimbacho chimangonena kuchuluka kwa zoti zitsale, sichichapa mtundu wa thambo umene unalowa kale m'timadontho ta m'mphepete. Ndiye munthu amene anajambulidwa masana nyanja ili kumbuyo, akamuika pa khoma lakuda, kuwala kwa tsiku lija kumamutsatira.

Wodziwa ntchito amachepetsa chophimbacho ndi kadontho kamodzi kapena tiwiri, n'kufewetsa m'mbali mwake. Mu Photoshop mulinso chida chotchedwa Defringe, chimene chimapaka timadontho ta m'mphepete mtundu wochokera mkati mwa munthuyo. Waulesi amangodula mozama, ndipo zotsatira zake n'zoipa kuposa kamzere kaja: makutu amachepa, nsonga za duku zimasowa, tsitsi limakhala ngati lametedwa ndi lezala.

Pa chithunzi chakale palibe kuchitira mwina, kukonza ndi kumeneku. Koma amene akukajambulitsa chatsopano angathe kupewa zonsezi. Aime pa mthunzi, mapazi awiri kuchokera pa nsalu yopanda maluwa, ndipo nsaluyo ifanane mtundu ndi zimene akufuna kuti ziikidwe kumbuyo. Asanalipire zosindikiza, apemphe wojambula akulitse chithunzicho pa foni, ayang'ane bwino tsitsi ndi makutu.