Injini ya kandege ikatentha kwambiri, yambirani pa mafuta

Kandege kanyamuka bwinobwino, kazungulira bwalo kawiri, kenako kulira kwa injini kwayamba kufooka mpaka yazima kali m'mwamba. Mwini wake pokatola apeza injini ili moto, yosakhudzika. Vutoli limawagwera kawirikawiri anthu oulutsa tindege toyendetsedwa ndi rimoti, makamaka tija toyendera mafuta osati mabatire. Ngati mwana wanu wayamba masewerawa, ndi bwino kudziwa gwero la vutoli, chifukwa limawononga injini ya ndalama zambiri komanso limavulaza manja.

Injini za tindegeti n'zazing'ono zedi. Yotchuka ndi ya 6.5cc, yokwana m'chikhatho, koma imazungulira maulendo oposa 10,000 pa mphindi imodzi. Ilibe madzi oiziziritsa ngati ya galimoto. Imadalira mphepo yodutsa m'timizere ta pamutu pake, ndiponso mafuta amene ikumwa.

Mafutawo si petulo. Ndi methanol wosakaniza ndi nitromethane pang'ono komanso oilo, amene nthawi zambiri amakhala magawo 16 mpaka 20 pa 100 aliwonse. Oiloyo amatha kukhala wa nsatsi kapena wopangidwa kufakitale. Injiniyi ilibe malo osungira oilo payekha, choncho mafuta akachepa, oilo nayenso wachepa. Methanol akamasanduka nthunzi m'kati mwa injini amachotsa kutentha. Ndiye kuti injini yolandira mpweya wambiri koma mafuta ochepa imasowa zonse ziwiri, choiziziritsa ndi choifewetsa.

N'chifukwa chake poyambira ndi pa singano yoyezera mafuta, yomwe ili pa kabureta. Ambiri amaitseka kwambiri pofuna liwiro, poti injini imalira mokoma ikamanidwa mafuta pang'ono. Koma ikafika m'mwamba imapota. Zizindikiro zake n'zoti utsi umasowa, mphamvu imatsika pakangopita kanthawi, ndipo nthawi zina kawaya ka pulagi kamapsa. Pezani pomwe injini ikuthamanga kwambiri, kenako tsegulani singano pang'ono mpaka liwiro litsikeko ndipo utsi uoneke.

Pali njira ziwiri zoyesera. Yoyamba, injini ikuthamanga, tsinani kapaipi ka mafuta kamphindi kochepa n'kukasiya. Ikakwera liwiro pang'ono, zili bwino. Ikafooka kapena kuzima nthawi yomweyo, mafuta akuchepa. Yachiwiri, gwirani kandege mwamphamvu n'kulozetsa mphuno yake kumwamba. Injini yochunidwa bwino siifooka. Kumbukiraninso kuti mpweya wozizira umafuna mafuta ochulukirapo, choncho singano imene munachuna masana a mu Okutobala singagwire bwino m'mawa wa mu Juni.

Ngati kuchuna singano sikukuthandiza, mpweya ukulowa pena pake. Yang'anani tithovu m'kapaipi ka mafuta. Kabowo kochepa ngati nsonga ya singano n'kokwanira kusokoneza zonse. Onaninso kapaipi kochokera ku ekizozi kupita ku thanki, komanso mabawuti a kumbuyo ndi a pamutu pa injini ngati sanamasuke. Zinyalala m'kabureta nazo zimatchinga mafuta.

Mukatha apo, onani pulopela. Ikakula kuposa imene kampani yopanga injini inalemba m'kabuku kake, injini imavutika ngati munthu wokwera chitunda ndi katundu wolemera. Onaninso chivindikiro cha injini. Mphepo imafunika polowera ndi potulukira, ndipo potulukira pazikhala papakulu kuposa polowera, apo ayi mpweya wotentha umangodzazana m'katimo. Injini yatsopano nayo imatentha msanga chifukwa zitsulo zake sizinazolowerane. Iyendetseni ndi mafuta ochulukirapo kwa mathanki angapo oyamba. Musaisiyenso ikuthamanga kwambiri nthawi yaitali kandege kali pansi, poti pamenepo mphepo ndi yochepa.

Pa zonsezi, sinthani chinthu chimodzi nthawi imodzi, n'kuyesa. Mukasintha zitatu pakamodzi simudziwa chimene chathandiza.

Makolo, mwana asachune injini ali yekha. Pochuna aziima kumbuyo kwa pulopela, chifukwa ikamazungulira sioneka bwino ndipo imadula zala. Injini aziilizira panja, poti utsi wake m'nyumba ndi poizoni. Ikazima aidikire izizire asanaigwire. Wina akapsa, thirani madzi oyera ozizira pabalapo kwa mphindi 20. Musapakepo mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira. Bala likakhala lalikulu, kapena lili pankhope, pazala kapena polumikizana mafupa, pitani kuchipatala.

Choopsa kwambiri ndi mafutawo. Moto wa methanol suoneka bwino padzuwa, ndiye munthu atha kupsa asanadziwe kuti payaka. Methanol akamwedwa, ngakhale wochepa, amatha kuchititsa khungu kapena kupha, ndipo zizindikiro zimachedwa kuoneka kwa maola angapo. Musawasunge m'botolo la zakumwa, ndipo akhale potsekedwa, patali ndi ana aang'ono. Mwana akamwa, musamusanzitse ndipo musadikire kuti ayambe kudwala. Thamangani naye kuchipatala mutanyamula botolo la mafutawo kuti achipatala aone chimene wamwa.