Njinga Ziwiri Zofanana, Thumba Limodzi

Anzanga a m'migodi, ine ndimagwira ntchito kufupi ndi Rustenburg, ndipo Lamulungu ndimakonda kupalasa njinga pamsewu watala kuti chifuwa chilandire mphepo yabwino. Mwezi watha ndidapeza njinga ziwiri zogwiritsidwapo kale ntchito m'sitolo ina, zonse zopepuka, za matayala oonda, maonekedwe amodzimodzi. Ina inali ndi magiya a Shimano Sora, 9 kumbuyo. Inzake ya Claris, 8 okha, yotsikirako mtengo pang'ono. Mtima udathamangira ya 9.

Koma mnzanga wa m'chipinda, mkulu wodziwa kukonza njinga, adati, "Achimwene, lekani kuwerenga magiya, takwerani." Nditakwera, ya Sora ija inali ya saizi 58, yonditalikira, msana udapindika ngati ndili pansi pa mgodi, zala zosafika bwino pa mabuleki. Kodi munthu wowerama sabata yonse aweramirenjinso Lamulungu? Ya Claris inali ya 54, yondiyenera ndithu, ndipo inkalola matayala a 28 mm, amene sagwedeza munthu kwambiri pamsewu wokumbika.

Ndidagula ya 8. Ndalama zotsalazo ndidatumiza kwa amake a ana, agule feteleza mvula isanagwe.