Agogo okhala okha afuna wocheza nawo

Dzuwa likamalowa m'midzi yozungulira Furancungo, m'boma la Macanga, utsi umafuka pafupifupi pakhomo lililonse. Koma pali tinyumba tina momwe moto suyaka. Umo mumakhala agogo okhaokha, opanda wowatungira madzi ngakhale wowafunsa kuti, "Mwadzuka bwanji?"

Vutoli lidayamba kale. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu oposa miliyoni imodzi omwe adathawira ku Malawi adayamba kubwerera kwawo. Makolo ena adabwera opanda ana awo, poti ena adafa ndipo ena adatsalira pabanja ku Dedza ndi ku Ntcheu. Kenaka matenda a Edzi adatenganso ambiri. Masiku ano achinyamata akuthamangira ku Tete, ku migodi ya malasha ku Moatize kapena ku Joni.

Boma silidangokhala chete. Mu 2014 lidakhazikitsa lamulo loteteza ufulu wa okalamba, ndipo bungwe la INAS limapereka kangachepe kwa okalamba osauka omwe adalembedwa. Komatu ndalama sizitola nkhuni, sizifolera denga, ndiponso siziyankha munthu akafuna wolankhula naye.

Apa ndi pomwe pakufunika anthu odzipereka. Amayi a m'mipingo ndi akhristu a m'miphakati akhala akuyendera odwala ndi okalamba kuyambira kale, popanda malipiro. Amasesa pakhomo, kuchapa zofunda, kusiya kaufa, kenaka nkukhala pamphasa kucheza. Ntchitoyi imafunika kwambiri mu Juni ndi Julayi, pomwe chisanu cha ku mapiri a Tsangano ndi Macanga chimalowa mpaka m'mafupa.

Kuchezako kumatetezanso moyo. Nkhalamba yomwe anthu saipondera pakhomo ndiyo imayamba kulozedwa chala kuti ndi mfiti mwana akadwala m'mudzi. Ukalamba umabweretsa kuiwalaiwala ndi kuyankhula wekha, koma umenewo si ufiti. Wocheza ndi agogo kawirikawiri amazidziwa izi, ndipo angathe kuwaikira kumbuyo kwa amfumu.

Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Musadikire 1 Okutobala, tsiku lokumbukira okalamba padziko lonse. Sabata ino, pochokera ku dimba, patukirani kwa agogo oyandikana nanu ndi kamtolo ka nkhuni. Mukapereka moni musafulumire kutsazika.