Mwana akabwera ndi pepala la kalabu, werengani musanasaine

Madzulo alionse ku Kaunda Square, ku Stage 1 ndi ku Stage 2 komwe, anyamata ndi atsikana amathamangitsana ndi mpira pa mabwalo a fumbi. Tsiku lina mmodzi wa iwo adzafika pakhomo ndi pepala, nati akuluakulu a kalabu afuna kuti makolo asaine.

Mlimi wa thonje sangadabwe ndi nkhaniyi. Amene anatenga mbewu ndi mankhwala pa ngongole sagulitsa thonje lake kumene afuna. Wampira nayenso ali conco: pangano lake likalipo, kalabu ina yomufuna iyenera kumvana ndi eni ake ndi kulipira. Mu 2024 Bay FC ya ku America inalipira Madrid CFF mayuro 735,000 kuti itenge Racheal Kundananji, ndalama zimene zinali zisanaperekedwepo pa mkazi wampira panthawiyo. Caka comweco Orlando Pride inapereka madola 740,000 pa Barbra Banda. Koma tamverani, ndalamazi zimapita ku kalabu yogulitsa. Malipiro a mwana ndi nkhani ina, ndipo amadalira zimene zalembedwa pa pepala lija.

Pangano likatha, wampira ndi mfulu. Kale sizinali tero. Jean-Marc Bosman wa ku Belgium anatsekerezedwa mu 1990 ngakhale pangano lake linali litatha, ndipo anakhala m'makhoti mpaka mu 1995 pamene anapambana. Lero malamulo a FIFA amalola wampira kusaina ndi kalabu ina kukatsala miyezi 6 kuti pangano lithe. Ndiye cifukwa cake makalabu amafulumira kunyengerera wosewera wabwino kuti awonjezere zaka. Kwa amene ali pa benci ufuluwu ndi wowawa, pakuti mwezi wotsatira malipiro palibe.

Makolo asunge manambala awa. Mwana wosafika zaka 18 saloledwa kusaina pangano lopitirira zaka 3, ndipo kupita naye ku kalabu ya kunja nkoletsedwa kupatulapo pa zifukwa zowerengeka. Ejenti wolonjeza kutengera mnyamata wa zaka 15 ku Ulaya, nafunanso kuti mugulitse ng'ombe za tikiti, mufunseni laisensi yake.

Matimu a m'makomboni nawonso asamataye mabuku. Wampira akagulitsidwa kunja, 5 peresenti ya mtengo imagawidwa ku makalabu amene anamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23, ndipo poigawa amayang'ana kaundula wa FAZ.