NYUMBA ZOIMA PAMADZI

Munthu wa ku Mangochi atati afike pa mudzi wa Kampong Phluk, m'dziko la Cambodia, m'nyengo ya chilimwe, zambiri sizingamudabwitse. Fungo la nsomba ndi lomwe lija la ku Makawa kapena ku Msaka. Maukonde oyanika padzuwa, mabwato ogona pamtunda, ana othamanga m'fumbi, zonsezi ndi zakwawo. Chimene chingamuimitse mutu ndi nyumba. Zonse zili m'mwamba, pa mizati yotalika mamita 6 kapena kuposerapo, kotero kuti wofuna kulonjera mwini nyumba ayenera kuyamba wakwera makwerero.

Anthu a mtundu wa Khmer samanga chotere pofuna kudzionetsera. Mudzi wawo uli m'mbali mwa nyanja ya Tonle Sap, ndipo nyanjayi ili ndi khalidwe lachilendo. Chaka ndi chaka, cha m'mwezi wa Juni, mtsinje waukulu wa Mekong umadzaza mpaka kukankha madzi a mtsinje wotuluka m'nyanjayo kuti abwerere kumene achokera, monga ngati Shire atafika pa mlatho wa pa Mangochi n'kutembenuka kulowanso m'nyanja. Pamenepo Tonle Sap amakula kanayi kapena kuposa, ndipo madzi amene anali akuya mita imodzi amafika mamita 9. Msewu wafumbi uja umasanduka njira ya maboti, ana amapalasa popita ku sukulu, ndipo msodzi amamangirira bwato pakhomo penipeni.

Kodi kuno kunakhalapo zotere? Inde, koma mwa mtundu wina. M'chaka cha 1861, David Livingstone akutsika ndi Shire kuchokera ku nyanja, anapeza mabanja a Amang'anja atabisala m'gumbwa wozungulira nyanja ya Malombe. Anali atathawa nkhondo zogwira akapolo. Gumbwayo anali wothithikana kwambiri, mwakuti atamugwetsa pansi ankatha kunyamula timisasa tawo, ngakhale kuti munthu akamayenda kuchoka pa msasa wina kupita pa unzake pansi ponse pankagwedezeka. Chakumwera, pa nyanja ya Chilwa, asodzi amapinda njedza namangapo tinyumba toyandama totchedwa zimbowera, mmene amagonamo masabata ambiri akusaka matemba ndi milamba.

Tsono kusiyana kwake kuli apa: kwa Mkhmer nyumba ya pamadzi ndi kwawo, kumene amabadwira ndi kukalambira, pamene m'Malawi inali pothawira adani kapena chigono cha pantchito. Kwawo kwenikweni kunali kumtunda, pamchenga. Ndipo makolowo sanalakwe. Nyanja ya Malawi imakwera ndi kutsika pafupifupi mita imodzi yokha pa chaka, ndiponso aliyense amene anaona mafunde a mwera m'mwezi wa Julayi akudziwa kuti mzati wozika m'madzi amenewo sungaone zaka zambiri.

Koma nyanja imeneyi ili ndi kalendala ina yaitali, imene munthu mmodzi saiwerenga yonse pa moyo wake. Kuyambira 1915 mpaka 1935 madzi anatsika kwambiri mpaka Shire analeka kutuluka m'nyanja, ndipo anthu analima minda pamene lero pali Malombe. M'chaka cha 1980 anakwera koopsa. Kenaka anabwereranso, ndipo pa zaka zotsatira anthu anayamba kumanga pa gombe limene madzi anasiya: nyumba za njerwa, mahotela, timasitolo. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. M'chaka cha 2024 nyanja inapyola mamita 476 pamwamba pa nyanja yamchere, nilowa m'nyumba, m'minda ndi m'malo ogona alendo m'boma la Mangochi. Mkhmer amadziwa mwezi umene madzi adzafika. Wa ku Mangochi madzi amamupeza ataiwala, chifukwa anamva za iwo kwa agogo ake okha.

Kungotengera za ku Cambodia kungakhale kupusa. Mitengo yowongoka ya mamita 6 ingapezeke kuti m'dera limene nkhalango zikuthera kuwamba nsomba? Palinso nkhani imene alendo ojambula zithunzi saikonda, ya chimbudzi. Pamene nyumba ili pamadzi, madzi omwewo ndiwo akumwa, osamba ndi otayamo zonyansa. Pa Chilwa, kolera anavuta kwambiri pakati pa asodzi a m'zimbowera, mpaka mu 2016 a zaumoyo anachita kuwalondola ndi maboti kukawapatsa katemera wakumwa.

Komabe pakati pa mizati ya mamita 6 ndi nyumba yoyala pamchenga pali njira yapakati, ndipo luso lake silofunika kukaliphunzira kunja. M'midzi yomweyi nkhokwe imakhala pa miyala ndi mitanda, khola la mbuzi lili pa nsanja, usipa umauma pa thandala. Chimanga, mbuzi ndi nsomba zinakwezedwa kalekale. Chimene chinatsala pansi ndi mphasa ya mwini wake. Anyamata ndi atsikana amene atsiriza sukulu nayamba kuphunzira za zomangamanga angachitepo kanthu. Pamene madzi a 2024 anafika, anthu a m'mudzi uliwonse wa m'mbali mwa nyanja akupadziwa bwino, ndipo mmisiri asanakumbe maziko angathe kufunsa kuti amulozere, natenga muyezo wake kuyambira pamenepo.