Kompyuta Yakale Nayonso Imaulutsa Ndeke Ikapatsidwa Katundu Woilingana

Ndeke ikamadutsa pamwamba pa mudzi, ana amasiya masewera, amai amaimitsa munsi, ndipo onse amapenya kumwamba kufikira kadontho kaja katalowa m'mitambo. Pakati pa anawo sipalephera kukhala mmodzi wonena mumtima mwace kuti tsiku lina adzayendetsa ndeke yotero.

Masiku ano mwana wotere sayenera kudikira kuti akule kuti aone m'mene cipinda ca woyendetsa ndeke cimaonekera. Pali mapulogalamu a pa kompyuta ochedwa flight simulator, amene amaonetsa ziwiya zoyendetsera ndeke, bwalo lonyamukirapo, mitambo, mapiri ndi mitsinje, kotero kuti munthu amaona ngati ali m'mlengalenga pamene ali khale pa mpando m'nyumba. Koma makompyuta amene anthu a kumidzi amakwanitsa kugula kawirikawiri amakhala akale, amene ena anayamba agwiritsapo nchito. Kodi makina otere angaulutse ndeke? Inde angathe, koma mwini wace ayenera kudziwa kusankha, pakuti wosankha molakwa amataya ndalama ndi nthawi yomwe.

Nzeru yophunzira kuuluka munthu ali pansi si yatsopano ai. M'caka ca 1929, Edwin Link wa ku Binghamton m'dziko la America anapanga kabokosi kokhala ndi mpando ndi ziwiya za ndeke, kamene kanali kupendekeka ndi mphamvu ya mpweya. Pa nkhondo yaikulu yaciwiri ya dziko lonse, oyendetsa ndeke ambirimbiri anaphunzirira m'timabokosi timeneti. Makompyuta atayamba kulowa m'nyumba za anthu, Bruce Artwick analemba pulogalamu yoyerekezera kuuluka, ndipo kampani ya Microsoft inaitulutsa m'dzina lace m'caka ca 1982.

Kucokera pamenepo pulogalamuyi yakhala ikutuluka m'mibadwo yosiyanasiyana, ndipo mbadwo uli wonse umafuna makina amphamvu kuposa wam'mbuyo mwace. Flight Simulator 2004, imene inatuluka mu 2003 pokumbukira kuti papita zaka 100 kucokera pamene abale awiri a kwa Wright anauluka koyamba pa 17 Disembala 1903, inafuna malo osakwana magigabaiti 2 pa hard disk ndi RAM ya mamegabaiti 128 cabe pa Windows XP. Flight Simulator X ya mu 2006 inafuna magigabaiti 14. Imene inatuluka mu 2020 inafuna magigabaiti 150, RAM ya magigabaiti 8, ndiponso intaneti yamphamvu kuti malo aoneke bwino. Cotero mwini kompyuta yakale amacita bwino kukhala pa ya 2004 kapena pa ya 2006.

Pulogalamu iri yonse imabwera ndi ndeke zace. Ya 2004 ili ndi Cessna 172, Cessna 208 Caravan, Douglas DC-3, Boeing 737-400, Boeing 747-400 ndi zina. Koma munthu akazolowera zimenezi amayamba kulakalaka zina, ndipo pali makampani ndi anthu wamba amene amapanga ndeke zoonjezera, zina zogulitsa, zina zaulere. Apa ndi pamene pagona bvuto.

Mlimi ali yense adziwa kuti ngolo ya ng'ombe ziwiri ili ndi muyeso wace. Akaikamo matumba a cimanga oposa muyesowo, ng'ombe zimayenda mokakamira, ndipo pofika pa citunda zimangoima. Kompyuta nayonso ili cimodzimodzi. Purosesa ndiyo ng'ombe zokoka. Hard disk ndiyo nkhokwe yosungiramo zonse. RAM ili ngati mphasa yoyanikapo ufa: ngakhale nkhokwe ikhale yaikulu motani, ufa umene ungayanikidwe pa nthawi imodzi ndi wolingana ndi mphasayo. Ndipo pali kadi yojambula zithunzi, imene a m'masitolo amaicha graphics card.

Cimene munthu amaona ngati ndeke yoyenda ndi zithunzi zambiri zotsatizana mofulumira. Kanema wa m'nyumba zoonetsera mafilimu amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi, ndipo diso limaona ngati zinthu zikuyenda mosadukiza. Ndeke yoonjezera ikalemera, kompyuta imalephera kujambula zithunzi zokwanira, ndipo ndekeyo imayamba kudumphadumpha ngati cule. Zimenezi zimapweteka kwambiri potera, pakuti pamenepo woyendetsa ayenera kuona msanga zotsatira za dzanja lace. Akakhoteza ciwongolero koma cithunzi cacedwa kusintha, amakhotezanso mopitirira, ndipo ndeke imakathera kunja kwa msewu wace. M'mapulogalamu a 2004 ndi 2006, kukanikiza mabatani a Shift ndi Z pamodzi, kamodzi kapena kawiri, kumaonetsa ciwerengero ca zithunzi pa sekondi m'zilembo zofiira pamwamba. Wanzeru amalemba ciwerengeroco asanaikemo ndeke yatsopano, nacionanso ataiikamo. Cikatsika kwambiri, ndiye kuti katunduyo waposa ngolo.

Zimene zimalemeza ndeke ndi zitatu. Coyamba ndi mamangidwe a thupi lace. Ndeke ya pa kompyuta imamangidwa ndi tizidutswa ta ngodya zitatu, ndipo wopanga akafuna kuti misomali, mipando ya apaulendo ndi zingwe za ku mawilo zioneke, amacurukitsa tizidutswato. Caciwiri ndi utoto wace, umene uli zithunzi zomatidwa pa thupilo. Cithunzi ca timadontho 4096 m'litali ndi m'lifupi ciri ndi timadontho tocuruka nthawi 16 kuposa ca 1024, ndipo conseco ciyenera kuyanikidwa pa mphasa ija. Cacitatu ndi ziwiya za m'cipinda ca woyendetsa. Ndeke zamakono zili ndi magalasi oonetsa njira, mafuta ndi mphepo, ndipo zonsezi zimawerengedwa ndi purosesa mphindi iri yonse, pamene ndeke zakale zili ndi mawochi a mivi amene safuna mphamvu zambiri.

Mwacitsanzo, Boeing 737 NGX imene kampani ya PMDG inatulutsa mu 2011 inachuka cifukwa cofanana kwambiri ndi ndeke yeniyeni, ndipo imabwera ndi mabuku a masamba mazanamazana. Ndi nchito yaluso, koma inapangidwira makina amphamvu a nthawi imeneyo. Kuiika pa kompyuta yofooka kuli ngati kumanga khasu la thirakitala kumbuyo kwa bulu.

Palinso malire ena amene ndalama sizingacotse. Flight Simulator X inamangidwa mwa njira yakale yochedwa 32-bit, motero singagwiritse nchito malo opitirira magigabaiti 4, ngakhale mwini kompyuta atagula RAM yocuruka. Ndeke yolemera ikakumana ndi bwalo lolemera ndi mitambo yambiri, malowo amadzaza ndipo pulogalamu imadzitseka yokha, nthawi zambiri pamene ulendo wautali uli pafupi kutha.

Cifukwa cace wosankha ayenera kuyamba wadziwa makina ace: dzina la purosesa, kukula kwa RAM, ndi mtundu wa kadi ya zithunzi. Kenaka awerenge zimene wopanga ndeke walemba kuti zifunika, pokumbukira kuti muyeso wocepetsetsa umatanthauza kuti ndekeyo idzatseguka cabe, osati kuti idzauluka bwino. Aonenso mbadwo wa pulogalamu imene ndekeyo inapangidwira. Ndeke yomangidwira Flight Simulator X siigwira nchito mu ya 2004, ndipo ya 2004 ikaikidwa mu X nthawi zina mawindo, zopukusa mphepo kapena ziwiya sizioneka bwino. Opanga ena amapereka mitundu iwiri ya ndeke imodzi, wolemera ndi wopepuka. Wopepukawo ndiwo bwenzi la kompyuta yakale. Ndi bwinonso kuika ndeke imodzi pa nthawi imodzi ndi kuiyesa, kuti bvuto likabuka lidziwike kocokera.

Coonadi ndi cakuti ndeke zazing'ono ndizo zimaphunzitsa zambiri. Cessna 172, imene inauluka koyamba mu 1955, yaphunzitsa anthu m'maiko ambiri, ndipo palibe ndeke ina imene inapangidwa yocuruka kuposa iyo. DC-3, imene inauluka koyamba pa 17 Disembala 1935, imafuna dzanja, phazi ndi diso, pakuti ilibe makompyuta omuganizira woyendetsa. Wophunzira amene watera bwino ndi ndeke zotere wadziwa kanthu kuposa amene amangokanikiza batani kuti ndeke yaikulu idziyendetse yokha.

Mabwalo a dziko lino alimo m'mapulogalamuwa. Munthu angathe kunyamuka ku Lusaka kupita ku Mfuwe, ku Ndola kapena ku Livingstone. Wofunafuna bwalo la Lusaka asadabwe polipeza ndi dzina lakale la Lusaka International, pakuti dzina la Kenneth Kaunda linaperekedwa mu 2011, mapulogalamuwo atatuluka kale. Bwaloli liri pamtunda wa mamita opitirira 1,100 kucokera pa nyanja yamcere, kumene mpweya uli wopepuka, ndipo wophunzira adzaona yekha kuti masana otentha a mu Okutobala ndeke imathamanga mtunda wautali isananyamuke. Amene amakumbukira DC-10 yochedwa Nkwazi, imene Zambia Airways inalandira mu 1984 kampaniyo isanatsekedwe mu 1994, mwina angalakelake ndeke ya mtundu umenewo. Nayonso iyesedwe ndi muyeso womwe uja.

Pa nkhani ya ndalama, wocenjera amayamba ndi ndeke zaulere zimene opanga ace anapereka mwa kufuna kwao, ndipo amaona kukula kwa failo asanayambe kuikoka pa intaneti, kuti mabandulo asathere panjira. Palinso pulogalamu yochedwa FlightGear, imene iri yaulere yonse pamodzi ndi ndeke zace. Koma ndeke zogulitsa zimene munthu wina akugawa mwakuba ziyenera kupewedwa. Kutero ndi kulakwira lamulo, ndiponso mafailo otere kawirikawiri amabisa mavairasi amene angaononge makalata, zithunzi ndi nchito za kusukulu zosungidwa pa kompyuta imodzi yokha ya banja lonse. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Makolo adziwe kuti pulogalamu yotere siipatsa mwana cilolezo coyendetsa ndeke. Cilolezo cimaperekedwa ndi bungwe la Civil Aviation Authority kwa munthu amene waphunzira pa sukulu yobvomerezeka, wapimidwa ndi dokotala, ndipo wauluka ndi mphunzitsi m'ndeke yeniyeni. Komabe mwana amene amawerenga mapu, kuwerengera mafuta ndi mtunda, ndi kutsatira malangizo olembedwa m'Cingelezi, akunola masamu, sayansi ndi jografe, ndipo zimenezi ndizo adzafunsidwa tsiku limene adzagogoda pa khomo la sukulu ya za ndeke. Kompyuta yakale ingamuperekeze mbali yaikulu ya ulendo umenewu, malinga ngati isenzetsedwa katundu woilingana.